Okunkha a ku France

"Azimayiwa ataya chiyani?" Ursula anafunsa m'Chingerezi, akuloza chithunzi chakale cha ku France, cha azimayi owerama m'munda wa tirigu.

"Sanataye kanthu, akukunkha," anatero Felista, mayi ake. "Mwini munda akakolola, osauka amatola zotsalira."

Awiriwa analowa m'nyumba yoonetsera zithunziyi pothawa mvula. Chiwatulutsireni landilodi m'nyumba ya lendi ku Finglas, dera la mu Dublin, amagona ku hositelo komwe salola anthu kukhalako masana.

Felista anapitiriza: "Inenso ndinkakunkha mtedza ku Mchinji. Ndinabwera ku Dublin kuno kuti iwe usadzawerame chonchi."

Ursula anasendera pafupi, n'kuloza kanyumba kofuka utsi kumapeto kwa mundawo.

"Akamaliza akalowa umu?"

"Eya."

"Ndi mwawomwawo?"

Felista anangoyamba kumumanga mabatani a jekete.