Mchere wa Pemphero

Pa TV, bambo wa m'sewero anaponya chikwama cha mwana wake panja n'kumenyetsa chitseko. Mtsikanayo, ali mu yunifolomu ya sukulu, anagwada pakhonde atagwira mimba.

Loyce sankaonera sewerolo. Maso ake anali pa manja a mwana wake Pemphero, amene anali atasiya kutongola chimanga. Linali Lamulungu masana, ndipo malata ankathetheka ndi dzuwa la ku Golomoti.

Mwezi uliwonse Pemphero akakhala kumwezi, ankaitana ali kukhitchini monga anamulangizira anamkungwi: "Amayi, dzandithirireni mchere m'ndiwomu." Tsopano miyezi itatu inali itadutsa osaitana. Mchere ankathira yekha, ndipo Loyce ankangodya ndiwozo.

"Wachita bwino bambo ameneyu," anatero amuna ake, a Ganizani, akuwongola miyendo pampando. "Manyazi otere pakhomo panga ayi. Inenso ndingachite chimodzimodzi."

Chisononkho chinapulumuka m'manja mwa Pemphero n'kugubudukira pansi pa tebulo. Sanachitole.

Loyce anawerama n'kuchitola, n'kuchibwezera m'lichero. Kenako anasendera pamphasapo mpaka phewa lake linakhudza la mwanayo.

"Bambo a Pemphero," anatero ndi mawu otsika, "tsiku lomwe mudzachite zimenezo, mudzaponye zikwama ziwiri. Changa chili pamwamba pa kabati."

A Ganizani anatembenuka. Anayang'ana akazi awo, kenako mwana wawo, ndipo maso awo anakhalitsa pamenepo.

Sewero linatha, nyimbo yotsekera n'kuyamba. Palibe amene anadzuka kukazimitsa TV.