Mwana wa Kangaude Wobadwa Wopanda Ulusi

Padangokhala, tcherani khutu tili tonse. Panali Nyerere amene ankasesa mudzi wa tizilombo. Zinyalala ankapita nazo kutsidya kwa kamtsinje, kwa bwenzi lake Nyongolotsi, amene ankazidya n'kuzisandutsa dothi lachonde. Powoloka, Nyerere ankayenda pa ulusi wa Kangaude.

Awiriwa ankakonda kukangana. "Mudzi uno umayera chifukwa cha msana wanga," ankatero Nyerere.

"Bodza, achimwene, n'chifukwa cha mimba yangayi," ankayankha Nyongolotsi, onse n'kuseka. Za Kangaude panalibe wozitchula.

Kangaude atamwalira, mvula inadula ulusi uja. Nyerere anathamangira kwa mwana wa malemuyo. "Tatilukira mlatho wina, mwanawe."

Mwanayo anafinya mimba mpaka misozi inatsika, koma ulusi sunatuluke. "Pepani, ndinabadwa chonchi," anatero. "Akuti n'zakumtundu. Amalume anganso analibe ulusi."

Zinyalala zinaunjikana mpaka pakhomo, ana a Nyerere anayamba kudwala. Tsiku lililonse iye ankafika m'mphepete mwa madzi, katundu ali pamutu, n'kumaona mnzake kutsidya akuwonda ndi njala.

"Achimwene!" anafuula tsiku lina. "Mkangano uja mwapambana ndinu. Bwerani mudzadye, ndakusowani!"

"Madziwa andimiza, achimwene," anayankha Nyongolotsi ndi mawu ofowoka. "Palibe wapambana. Tonse tinagonja tsiku limene tinaika Kangaude m'manda."

Nyerere anatula katundu, nakhala pansi m'mphepete mwa madzimo. N'chifukwa chake mpaka lero nyerere ikafika pamadzi imaima, n'kukweza timanja m'mwamba, kufunafuna poti igwire kuti iwolokere kwa mnzake.