Chala cha a Khiem

Lumo la makina la m'fakitale ya zitsulo silinaime. Linadula nsonga ya chitsulo chofiira chimene chinkathamanga, n'kutenganso chala cha a Khiem, amene ankawongola nsongayo ndi mbedza.

Chalacho chinagwera mumgolo wa zidutswa zotentha. Fungo linandipeza kumwamba, m'kachipinda koyendetsera kireni, makina onyamula katundu wolemera. Linali ngati la nkhumba yootcha m'misewu ya kwathu ku Haiphong. Malovu anadzaza m'kamwa ndisanaganize. Ndinalavula.

A Khiem anakulunga dzanja ndi malaya. Sanalire.

"Mphwanga Luyen, usanyamule mgolowo," anatero pa wailesi. "Kwathu munthu amaikidwa wathunthu. Ndikafika bwanji kwa makolo chala china palibe?"

Kapitawo Toan ankatafuna njere za mpendadzuwa, makoko akulavulira pansi.

"Madala, chalacho chapsa kale, mukufuna mukadyere mpunga? Ng'anjo ikudikira. Luyen, nyamula, apo ayi katenge chikwama chako. Ino ndi fakitale yako yachingati?"

Inali yachisanu. Ndinali nditatopa ndi kugona m'mabasi.

Ndinanyamula.

Mgolo unadutsa pamwamba pa a Khiem, ukulowera kung'anjo. Iwo anauweramira katatu, monga timachitira pamaliro. Kapitawo anaseka, khoko la njere litamatirira pamlomo.

M'mawa mwake zitsulo za m'ng'anjo ija zinabwera zikuthamangira ku lumo. Ndinayang'anitsitsa nsonga iliyonse ikugwera mumgolo. Zonse zinali zofanana.

Pofika masana ndinali m'basi, chikwama changa chili pamiyendo.