Thukuta la Denga

"Gasi watha," anatero Thora kwa mwamuna wake, Erlend. "Katengeni botolo lina kushedi. Bambo aakulu ngati inu mukuopa mdima?"

Erlend anatenga tochi n'kutuluka monyinyirika. Shediyo inali ya malata, yokhota ngati mgolo woudula pakati n'kuuvundikira pansi. Bambo ake anaigula m'zidutswa n'kuimanga okha, ndipo ankasungamo nkhosa nthawi yoswa. Mdalayo atangopita kunyumba ya okalamba, Erlend anagulitsa nkhosa zonse. Koma Lamlungu lililonse bambo ake akamufunsa za nkhosazo ankati, "Zili bwino, bambo, zanenepa." Mdalayo anamwalira akukhulupirira zimenezo.

Atakankha chitseko, dontho linamugwera pakhosi. Anaunika m'mwamba. Denga lonse linali thukuta lokhalokha. Mlimi aliyense pachilumba chimene ankakhala amadziwa kuti malata ozizira sachita thukuta chotere pokhapokha pansi pake pali zamoyo zambiri zikupuma. Anaunika pansi. Panali simenti yokha, chomwera nkhosa chouma, ndi mpando wakale wa bambo ake pakona.

Koma munali mofunda. Munkanunkha ubweya wonyowa.

Mpando uja unalira, ngati munthu akukhazikika bwino.

"Erlend," anamveka mawu odekha, opanda mkwiyo n'komwe. "Wazipatsa madzi?"

Erlend anazyolika, maso pansapato, ngati mwana wogwidwa akuba shuga.

"Inde, bambo," anatero.

Pakona paja wina anausa moyo. Kenako kumbuyo kwa Erlend malilime ambirimbiri anayamba kunyambita chomwera chouma chija.