Chifuwa cha Kagalimoto Kofiira

Kagalimoto kamipando iwiri kanatsokomola, kananjenjemera, n'kuzimanso. Paison anapukuta thukuta. Mzungu wogula fodya, amene anamusungitsa kagalimotoko dzinja lonse ku Mlangeni, anali akudikira kale pa siteshoni ya Balaka.

Mapulagi anatsuka. Petulo anasefa ndi chipewa chake. Apa ntchito yandithera, anaganiza.

Mkazi wake, Nangozo, anatula dengu la mbatata. "Bambo, chitsononkho chija mwachotsa?"

"Chitinso?"

"Chimene ndinatsekera paipi yotulukira utsi, kuti mbewa zisalowemo. Chipanda cha thobwa sititseka choncho?"

Paison anachikolowola ndi mpeni, n'kulizanso injini. Inalira bwinobwino, osadukiza. Mtima unakhala m'malo, ndipo anaseka mpaka misozi.

"Nangozo, mukanandipha!"

Mayiyo anasenzanso dengu lake. "Nanga mbewa mwaipezamo?"