Penti ndi Choko

"Mukupentanso, bambo a ana?" anafunsa mayi ataona amuna awo ali pamakwerero atagwira burashi pakhomo pa shopu yawo ya malata.

Bambowo anali mkulu wa mpingo, ndipo mitengo ankalemba pakhoma ndi penti, osati choko. Ankati inde wa Mkhristu safufutidwa ndi malovu.

Lolemba boma linachotsa msonkho pa malata, iwo anatsitsa mtengo uku akuimba nyimbo yoyamika. Lachitatu banki yaikulu inachepetsa mphamvu ya ndalama. Anthu anakokolola malata onse pa mtengo wa Lolemba, ndipo ndalama zomwe anapeza sizinakwane kuodera ngakhale theka la katunduyo.

"Za Yobu zinapita ndi achifwamba, zanu zikupita ndi burashi," anatero mayi. "Tikatseka pano, ana adya penti?"

Bambo anausa moyo, natsika pamakwerero kukagula choko kwa mnzawo wa golosale. Anamupeza akufufuta bolodi la mitengo ndi chala chonyowa malovu.

"Choko chili pa zingati, achimwene?"

"Tadikirani kaye, akuluampingo," anayankha wagolosale, khutu lili pa wailesi. "Nduna ya zachuma sinamalize kulankhula."