Masaya Awiri a Aphunzitsi

Aphunzitsi anatsinzina, masaya ali thovu lokhalokha, ometa awiri ataima wina uku wina uku.

Ometawo anali pachilamu. Anapangana kuti amene lumo lake limete bwino atenga mpando wa pakhomo, pomwe makasitomala amafikira. Mpandowo unali wa wamkuluyo, amene ankanola lumo pamwala wamba n'kulipukuta palamba wachikopa, basi. Wamng'onoyo anapititsa lake pamwala wosalala kwambiri mpaka linawala ngati kalilole.

Wamkulu anameta tsaya lakumanja, lumo likumveka kupala. Wamng'ono anameta lakumanzere mwakachetechete.

"Lameta bwino ndi liti, Aphunzitsi?"

"Lakumanzereli. Sindinalimve n'komwe."

"Mwamvatu alamu. Nyamulani zipeso zanu," anatero wamng'onoyo.

Aphunzitsi anasisita tsaya lija, kenako analitsina.

"Komatu ndachokera kozulitsa dzino, mbali yomweyi. Dzanzi la jakisoni silinathe."

Onse awiri anawerama n'kuyang'anitsitsa nkhope ija. Panalibenso kandevu koti n'kuyeserapo.

"Kodi ndevu zanu zimamera msanga, Aphunzitsi?" anafunsa wamkuluyo, akubwezera zipeso zake pamalo pake.